Malaputopu a m'kabati: lipoti la ntchito yoyenda ndi aphunzitsi atatu pa sukulu ina ku Lusaka

Lipoti ili ndalemba kumapeto kwa 2024, ndipo ndalembera anzanga amene mumayang'anira maphunziro a aphunzitsi pa sukulu zanu, makamaka inu amene munalandira zipangizo koma zikungogona. Maina a aphunzitsi ndi dzina la sukulu ndawasiya dala, poti ndinawalonjeza choncho.

Sukulu yake ndi vuto lake

Sukulu yathu ili m'komboni ina kumadzulo kwa Lusaka, mbali ya ku Kanyama, kumene mvula ikagwa masiku awiri ana amafika nsapato zili m'manja. Timayambira Giredi 1 mpaka Giredi 9, ena m'mawa ena masana. Chiyambireni maphunziro aulere mu Januwale 2022, kalasi ya ana 85 kapena 90 sitidabwa nayonso. Pa aphunzitsi oposa 30,000 amene boma linalemba ntchito chaka chomwecho ife tinalandirako ochepa, koma zipinda ndi zomwe zija.

Ine ndimaphunzitsa Chingerezi, komanso ndine SIC wa pasukulupo, kutanthauza woyang'anira maphunziro a aphunzitsi amene ali kale pa ntchito. Ndiye kuti misonkhano ya aphunzitsi ya pa teremu ya SPRINT (ndondomeko yophunzitsana aphunzitsi pa sukulu), ma TGM (misonkhano ya magulu a aphunzitsi) ndi Lesson Study (kukonza ndi kuonerera phunziro pamodzi) zimadutsa m'manja mwanga.

Mu 2023 bungwe lina lachifundo linatipatsa malaputopu 15 ndi pulojekita imodzi. Zinaikidwa m'kabati yachitsulo mu ofesi ya ahedi, pamodzi ndi buku losainira aliyense wotenga. Chaka cha 2024 tinatsegula mochedwa chifukwa cha kolera: m'malo mwa 8 Januwale tinayamba pa 12 Febuluwale, masabata asanu atapita. Sabata yomweyo ahedi anandiitana nanditsegulira buku lija. Pa aphunzitsi 34, maina anali awiri okha, onse a Computer Studies. Anandipempha kuti pofika kumapeto kwa chaka zipangizozo zikhale zikulowa m'makalasi a maphunziro ena.

Pamene ndinayambira molakwika

Ndinachita zimene ambirife timathamangira, ndinaitanitsa wekishopu. Lachisanu masana, aphunzitsi onse m'chipinda chimodzi, ine kutsogolo ndi pulojekita ndikulalikira ubwino wa makompyuta. Achinyamata anakhala pafupi, akumaliza zimene ndawauza ndisanatsirize n'kulankhula komwe. Achikulire anakhala kumbuyo manja atapinda, mmodzi akuchonga makope a ana. Pomaliza onse anawomba m'manja. Patapita masabata atatu ndinatsegula buku lija, ndipo munalibe dzina latsopano ngakhale limodzi.

M'kope langa ndinalemba kuti achikulire ndi ouma mutu. Mawu amenewo amandichititsa manyazi lero, chifukwa ndinawalemba ndisanafunse munthu aliyense. Amene ananditsegula maso ndi a ZIC, oyang'anira maphunziro a aphunzitsi m'zoni yathu. Nditawadandaulira anangondifunsa kuti, "Nanga inu munakhalapo m'kalasi mwawo, n'kuona mmene tsiku lawo limayendera?" Ndinali ndisanatero.

Masabata awiri otsatira ndinawathera kumbuyo kwa makalasi a anzanga, ndiponso pa benchi ya kuseri kwa sitafu rumu nthawi ya buleki. Sindinatchule kompyuta pokhapokha iwo atayamba okha. Zimene ndinamva zinali zomveka kuposa zimene ndinkayembekezera.

Ambiri ankaopa kulipiritsidwa. Laputopu imodzi ikagwa, mtengo wake ungathe kudya malipiro a mwezi wathunthu, ndipo panalibe cholembedwa chonena kuti ikawonongeka zimatha bwanji. Kusaina m'buku muja kunali ngati kusainira ngongole. Kuwonjezera apo kiyi inali ndi ahedi okha, ndipo iwo akapita ku msonkhano kwa a DEBS, akulu a zamaphunziro m'disitirikiti, kabati inkatsala yokhoma tsiku lonse. Ena ankawerengera nthawi: periyodi ndi mphindi 40, masabata asanu anatayika kale, ndiye munthu atayenso mphindi 15 akulimbana ndi zingwe? Achikulire anali ndi chikumbutso chawonso. Mayeso oyamba a Computer Studies a Giredi 9 mu 2015 anawaona ndi maso, pamene m'sukulu zambiri makompyuta anali ochepa, magetsi akuthimathima, ana n'kumalemba mayeso mpaka usiku. Kwa iwo kompyuta pa sukulu inafika ngati chipsinjo.

Zina mwa izi sizinkafuna maphunziro ayi. Tinakhala pansi ndi ahedi ndi komiti ya makolo n'kulemba tsamba limodzi: chipangizo chikawonongeka mwangozi pa ntchito, mphunzitsi n'kunena tsiku lomwelo, salipira. Kiyi yachiwiri tinaipereka kwa a senior teacher amene sachokachoka. Kenaka ndinasankha aphunzitsi atatu oti ndiyende nawo pafupi kwa materemu awiri.

Amayi a sayansi

Awa ndi mayi a zaka 28 pa ntchito, ochokera ku Katete, ophunzitsa Integrated Science ku Giredi 9. Ndi mphunzitsi wamphamvu. Akalowa m'kalasi ana 90 amakhala chete popanda ndodo. Ndinawasankha chifukwa iwo akasuntha, anzawo a msinkhu wawo amayang'ana.

Tsiku limene ndinawapempha anandiyang'ana nthawi yaitali asanayankhe. "Mwana wanga," anatero, "ana amene ndinawaphunzitsa ine lero ndi manesi, ena madalaivala, ena ali ku yunivesite ya UNZA. Ndiye ndikaime pamaso pa ana ndikusakasaka kabatani, iwo akuseka? Iyayi. Ndisiyeni ndipume ndi ulemu wanga."

Apa ndi pamene ndinamvetsa kuti wekishopu yanga inawavulaza. Ndinawaika m'chipinda chimodzi ndi anyamata amene anawaphunzitsa okha, kuti alephere anthu akuona.

Tinagwirizana zitatu. Tizikumana Lachiwiri ndi Lachinayi, mphindi 20 zokha, m'kachipinda kosungira zida za sayansi, chitseko chotseka. Palibe chimene ndidzalembe mu lipoti la kwa ahedi popanda iwo kuchiwerenga. Ndipo chachitatu ndinadziikira ndekha: laputopu sindiigwira. Ili ndi lamulo lovuta kulisunga. Munthu akamavutika, dzanja limathamanga lokha kuti limuthandize, koma ukangodina iwe, iye waphunzira kuti popanda iwe sizitheka. Ndinkakhala manja nditawaika pansi pa tebulo.

Masiku awiri oyamba tinalimbana ndi kamuvi ka pa sikirini. Chala chawo, chozolowera kukanikiza choko, chinkaponda kwambiri pa kabwalo koyendetsera kaja, kamuvi n'kuthawira pakona. Akafuna kudina kawiri, chithunzi chinkakokeka n'kupita kwina. Ankapuma mozama n'kupukuta dzanja pa siketi. Loweruka ndinapita ku Kamwala kukagula mausi yawaya, yotchipa. Lachiwiri lotsatira anaigwira ngati dasitala, ndipo pa mphindi zisanu kamuvi kanayamba kuwamvera. Tsiku lomwelo ndinaona kuti akutsinzinira ndi kusendera kufupi. Malembo anali aang'ono kwa maso awo, koma sananene. Nditawauza kuti agwire Ctrl n'kudina chizindikiro cha kuphatikiza, malembo anakula. Anaseka koyamba: "Kodi zimakula? Nanga bwanji simunanene kale?" Ndimakhulupirira kuti aphunzitsi ambiri amene timawatcha okana amalephereka ndi tinthu ta mtundu uwu, timene mphunzitsi wachikulire sangatitchule pa gulu.

Sindinawaphunzitse kompyuta yonse. Ndinawafunsa kuti, "Amayi, ndi phunziro liti limene chaka chilichonse limakusiyani osakhutira?" Sanachedwe kuyankha: la kayendedwe ka magetsi, kulumikiza mababu motsatizana ndi mbali ndi mbali, zimene m'buku amati series ndi parallel. Mabatire amatha, mababu a tochi anasweka kale, ndiye amangojambula pa bolodi ana n'kuloweza. Pa mayeso funso likatembenuzidwa pang'ono, ana amagwa.

Ndinawabweretsera chinthu chimodzi basi, Circuit Construction Kit ya PhET. Izi ndi zoyeserera za sayansi zaulere za yunivesite ya Colorado Boulder, zimene Carl Wieman anayambitsa mu 2002. Ubwino wake kwa ife ndi wakuti umakopera fayilo imodzi, n'kumaitsegula popanda intaneti, choncho nkhani ya mabandulo sipakhala. Umakoka batire, waya, babu ndi switchi n'kuzilumikiza. Ukalumikiza bwino babu imayaka ndipo timadontho ta ma electron timaoneka tikuyenda m'waya. Amayi atayatsa babu yawo yoyamba anakhala phee, kenaka anachotsa waya umodzi, n'kubwezera, n'kuchotsanso. "Ichi ndi chimene ndakhala ndikuwajambulira ndi mivi zaka zonsezi," anatero.

Phunziro lenileni tinalikonza mwa njira ya Lesson Study, imene aphunzitsi a mu Zambia akuidziwa kuyambira pamene inayambira ku Central Province mu 2005 ndi thandizo la JICA, bungwe la boma la Japan: kukonza pamodzi, mmodzi kuphunzitsa ena akuonerera, kukambirana, kukonzanso, n'kukaphunzitsanso ku kalasi ina. Ndinasankha njira imeneyi chifukwa Amayi anaizolowera kale, ndipo m'menemo chimene chimaunikidwa ndi phunziro, osati munthu. Oonerera anawasankha okha, awiri.

Phunziro loyamba, ku 9A, silinayende. Mazenera a kalasiyo alibe makatani, ndiye tinapachika zitenje ziwiri kuti chithunzi chioneke. Pulojekita itayaka inangoonetsa buluu ndi mawu akuti "No signal". Ndinaona khosi lawo likuuma. Pa kakhadi kamene tinalemba pamodzi panali mawu akuti adine kiyi ya Windows ndi P, koma maso awo sanapite pa khadi. Mnyamata wina kumbuyo anakweza dzanja. Amayi anazengereza, kenaka anati, "Bwera, tione nzeru zako." Anakonza, chithunzi chinabwera. Patangopita mphindi khumi magetsi anathima. Anatenga choko n'kumaliza phunziro monga mwa masiku onse, nkhope ili gwa.

Potuluka sanandiyang'ane. "Ndinakuuzani," anangotero. Lachinayi sanabwere ku kachipinda kaja, ndipo sindinawatsatire. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Lachiwiri linalo ndinakhala m'menemo ndikuchonga makope, ndipo analowa okha. Cholakwa chinali changa, ndipo ndinawauza choncho. Chaka chimenecho kunali chilala, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 Febuluwale, madzi a m'damu lopangira magetsi la Kariba anatsika, ndipo kuyambira Malichi magetsi ankathima maola asanu ndi atatu pa tsiku. Kumanga phunziro pa pulojekita, yomwe ilibe batire, kunali kusaganiza bwino. Laputopu yotchajidwa imapirira maola awiri kapena atatu.

Tinakonzanso. Pulojekita tinaisiya. Tinatenga malaputopu khumi, ana asanu ndi anayi pa iliyonse, aliyense ndi ntchito yake: wogwira mausi, wojambula m'kope zimene gulu lalumikiza, wolemba zimene akuyembekezera zisanachitike, wofotokozera kalasi. Amayi ndi amene anaumirira kuti wogwira mausi azisinthidwa pa funso lililonse, ndiponso kuti atsikana ayambe, chifukwa ankadziwa kuti anyamata adzailanda. Nzeru imeneyo ine ndinalibe. Anasankhanso ana awiri oti azitsegula malaputopu belu lisanalire, ndipo anawauza poyera kuti, "Inu mukudziwa mabatani, ine ndikudziwa magetsi. Tigwirizane."

Ku 9B phunzirolo linayenda. Chapakati, mtsikana wina anakuwa, "Madamu, batire yayaka moto!" Gulu lake linalumikiza waya kuchokera ku mbali imodzi ya batire kupita ku inzake popanda babu pakati, ndipo pa sikirini panabuka malawi. Kalasi yonse inathamangira kumeneko. Ine ndinaganiza kuti dongosolo lasokonezeka. Amayi anaima pakati pawo, osagwira laputopu n'komwe, n'kufunsa, "Chayatsa motowo n'chiyani? Yang'anani timadontho tija, tikuyenda bwanji?" Ana anati tikuthamanga kwambiri. "Nanga babu ikakhalapo, chimatichedwetsa n'chiyani?" Kuchokera apo anawafikitsa okha pa short circuit, ndipo mnyamata wina anafotokoza za nyumba ya m'dera lawo imene inapsa chifukwa cha mawaya olumikiza mwachisawawa. Mphindi khumi zimenezo sizinali mu pulani, koma ndi zimene ana analemba bwino koposa pa ntchito ya mawa lake.

Sabata yotsatira anabwera ndi mabatire awiri a tochi, kababu ndi waya, zogula ndi ndalama zawo. "Mwana agwirenso waya weniweni," anatero, "asaganize kuti magetsi amakhala mu kompyuta." Ndikugwirizana nawo kotheratu, ndipo tsopano ndimauza aphunzitsi ena a sayansi chimodzimodzi.

Abambo a masamu

Awa anandiyankha ndi mawu amodzi: "Aphunzitsi, choko sichidikira malaiti." Pofika Seputembala, pamene magetsi ankatha kusowa mpaka maola 21 pa tsiku, ndinalibe chowatsutsa nacho. Malaputopu tinkawatchaja usiku, alonda akumawalumikiza magetsi akangobwera, ndipo masiku ena m'mawa tinkawapeza osadzaza.

Kwa iwo ndinalowera pa mtolo wawo. Ali ndi makalasi anayi, ana pafupifupi 350, ndipo kumapeto kwa teremu iliyonse Loweruka ndi Lamlungu zinkathera pa kakyuleta, akuwonkhetsa malikisi ndi kupeza amene wakhala nambala wani mpaka wotsiriza. Tinakhala pansi ndi Excel ndi kalasi imodzi. Analemba maina ndi malikisi okha, ndinawaonetsa SUM ndi RANK, anakokera pansi, ndipo manambala onse anatuluka nthawi imodzi. Sanakhulupirire. Anatulutsa kakyuleta yawo n'kuwerengetsa ana khumi mmodzimmodzi. Onse atafanana, anavula magalasi n'kunena kuti, "Ipatseni kuno kalasi yachiwiri."

Lero malikisi awo onse ali mu Excel, ndipo ndi iwo amene anaphunzitsa aphunzitsi ena atatu. Koma m'kalasi laputopu sanalowe nayo. Ndinawaonetsa GeoGebra, pulogalamu ya masamu ya pa kompyuta, mmene mzere wa y = mx + c umapendekera ukasintha m, ndipo anaonerera mwachidwi, kenaka anati mwana amene sanajambule mzerewo ndi rula pa pepala la magirafu sadzaujambula pa mayeso a boma a ECZ. Mfundo yawo ndi yoona. Yanga ndi yakuti mwana ataona mzere ukupendekera, amajambula akudziwa chimene akujambula. Sitinamvane, ndipo sindinawakakamize, chifukwa mphunzitsi wokakamizidwa amachita tsiku limene ukumuonerera lokha.

Mphunzitsi wachinyamata

Wachitatu sanali wokana poyera. Ndi mmodzi wa olembedwa mu 2022, foni ndi kompyuta amazidziwa kuposa ine, ndipo lamulo la kiyi litasintha anali woyamba kusainira pulojekita. Nditakaonerera phunziro lake la Social Studies ndinapeza manotsi ataonetsedwa pakhoma, ana akukopera mwakachetechete mphindi 40, iye atakhala pa mpando. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chimene ankakana iye ndi kusintha kaphunzitsidwe. Ntchito yathu inali ya mafunso: chithunzi chimodzi kapena mapu amodzi pakhoma, mafunso atatu okonzeratu, ana akambirane awiriawiri asanalembe chilichonse. Chimene chinamuthandiza kwambiri ndi kukaonerera Amayi a sayansi ku 9B. Anabwerako akunena kuti sanaone mphunzitsi wofunsa mafunso chotero chichokereni ku koleji.

Pamene tafika

Zimene ndayeza ndi buku losainira, maphunziro amene ndaonerera ndi makope a ana. Teremu yoyamba m'buku munali maina awiri. Teremu yachitatu muli maina asanu ndi anayi, ndipo anayi mwa iwo ndi a aphunzitsi a zaka zoposa 20 pa ntchito. Awiri mwa anayiwo sindinawaphunzitse ine. Anapita okha kwa Amayi a sayansi, m'kachipinda komwe kaja, ndipo ndinamva kuti Amayi nawonso amakhala manja ali pansi pa tebulo. Aphunzitsi 25 sanasainebe, ambiri a iwo a makalasi aang'ono, kumene ana ndi ochuluka kwambiri ndipo sitinapeze chinthu choyenera cha m'Chinyanja choti tiike pa malaputopu.

Nthawi imene ndinathera pa Amayi okha, ndikaphatikiza, ndi pafupifupi maola asanu ndi awiri, omwazikana pa miyezi inayi. SIC wokhala ndi makalasi ake sangayende chotero ndi anthu oposa atatu pa teremu, ndiye ndapempha ahedi kuti pa thebulo la chaka chamawa andichotsere maperiyodi awiri pa sabata, komanso kuti TGM imodzi pa mwezi ikhale ya magulu a anthu atatu odzisankha okha m'malo mwa msonkhano wa onse. Malaputopu atatu mabatire ake anafooka ndi kutchaja kodukiza, ndipo komiti ya makolo yavomera kugula mamausi khumi ndi mabatire awiri poyamba.

Mu 2025 maphunziro atsopano akuyamba ndi Fomu 1 m'malo mwa Giredi 8, ndipo Amayi apempha kale kuti tikonzere pamodzi phunziro loyamba la sayansi la kalasi imeneyo tchuthi chisanathe. Abambo a masamu avomera kuti teremu ikubwerayi ana a gulu limodzi aone mzere wa GeoGebra, koma pokhapokha atayamba aujambula ndi rula. Tapangana Lachitatu la sabata yachiwiri, periyodi yachitatu, ndipo ati laputopu adzaigwira okha.